Mapatapata a Tadala pa Ayisi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Scarborough tili bwino, kungoti kuzizira kwafika poluma makutu.

Achemwali, mwana wanu Tadala wapambana mpikisano wothamanga pa ayisi Loweruka lapitali! Paja ndinakuuzani za mphunzitsi wake, mayi wa ku Holland amene pa utsikana wake ankaimira dziko lawo pa liwiro la mtunda waufupi pa ayisi, mpaka bondo linamulekeza. Ndiye anamubwereka Tadala nsapato zomwe ankapikisanira, zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi.

Tadala atangoliyatsa liwiro, ndinaona chitsulocho chikulekana ndi chidendene n'kumabwerera kuti pha! pha! Ndinathamangira kumpanda ndikukuwa m'Chichewa, "Tadala, ima! Nsapato yathyoka, uvulala!" Mwana anacheuka, mnzake n'kumupitirira.

Mphunzitsi uja anandigwira mkono akuseka. "Anazipanga choncho, mayi! Kwathu dzina lake tinatengera kulira komweko."

"Kani ndi mapatapata?" ndinatero, n'kuyamba kukuwa zina, "Thamanga, mwanawe!" Tadala anawerama, n'kumudutsa mnzakeyo pamzere womalizira penipeni.

M'basi pobwerera mwanayu anandiuza m'Chizungu chake chija kuti tsiku lina ndidzatsale kunyumba. Ine ndinangoseka. Mwana amene amati Chichewa sachimva, pakati pa phokoso lonse lija anacheukira chiyani?

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti akamaimba foni azimulankhula Tadala Chichewa, asamunyengerere. Amamva ameneyu! Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Nachisale