Garantiya ili m'Baibulo

Amake Cátia,

Ndanyamuka musanaweruke kumunda chifukwa sindikanatha kukuyang'anani kumaso. Ndapita ku Kalomwe pa njinga.

Amplifikadori yokuzira mawu ija ndinamangirira m'galimoto ya achimwene anu a Custódio yapsa m'mawa uno. Timayesa nyimbo za ukwati wa mawa pabwalo la tchalitchi ku Fonte Boa, oyimba onse ali pomwepo. Inangolira pang'ono, kenako utsi uli tolotolo pansi pa mpando. Achimwene anu sanandikalipire. Anangoti, "Musadandaule alamu, si ili ndi garantiya? Mukaibweze ku loja."

Manyazi anga ali pamenepa. Ku loja, sitolo ya ku Ulongwe munandituma kuja, sindinaguleko. Ndinapeza munthu ku Kalomwe akugulitsa yofanana nayo pa theka la mtengo. Nditamufunsa za garantiya anadziguguda pachifuwa nati, "Garantiya ndine ndemwe." Lero foni yake siikupezeka. Ndalama zotsalazo ndi zimene ndinagulira matumba aja a adubo, feteleza wa chimanga, amene munandiyamikira mpaka kuuza amayi anu.

Chonde pitani kwa a Emílio a katekista mukabwereke zokuzira mawu zawo, kuti mkwatibwi asayende mwakachetechete ngati tikupita kumanda. Achimwene anu ndiwauza ndekha ndikabwera, musandilankhulire.

Ndipo pepala lija ndinakupatsani lopindapinda, inu n'kulisunga m'Baibulo kuti ndi garantiya, musapite nalo ku loja angakusekeni. Ndi resibo chabe, lisiti la adubo yemweyo.

Pepani ndithu.

Estêvão