Tsiku Limene Ndinagona Pagolo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinasiya? Nanga abambo, miyendo ikuwalolabe kufika kumsika? Ine kuno ndilipo, kupuma ndikupuma, koma ndikanena kuti ndili bwino ndiye kuti ndayamba kalata ndi bodza.

Zoti timu yathu yatuluka mu ligi yaikulu munamva kale pa wailesi. Ndikudziwanso kuti dzina langa linatchulidwa mobwerezabwereza, chifukwa kuyambira tsiku lija abambo sakuyankha foni yanga. Ndalemba kuti mumve nkhaniyi kuchokera kwa ine amene ndinali pagolo, osati kwa owulutsa mawu amene amaonera mpira atakhala pamthunzi.

Chaka chino tinayamba bwino. Mphezi, wosewera wathu wakutsogolo, ankamwetsa zigoli pafupifupi sabata iliyonse, ine kumbuyo ndikutseka, moti masapota anandipatsa dzina loti Loko. Ligi itafika pakati, akuluakulu a timu anamugulitsa Mphezi, n'kutiuza kuti tisade nkhawa chifukwa akubweretsa awiri m'malo mwake. Awiriwo tikuwadikirabe mpaka lero. Mpira tinkaufikitsa kutsogolo ndithu, koma kumeneko kunalibe woti n'kuulowetsa muukonde, ndipo timu inayamba kutsetsereka.

Titagonja kangapo motsatizana, anachotsa kochi wathu uja amene anabwera kudzandipempha kwa abambo. Anamuuza pa foni tili m'basi pobwerera, tonse tikumva. M'malo mwake anabweretsa a Chipewa, bambo amene savula chipewa chake ngakhale popemphera. Iwowo nzeru yawo ndi imodzi: aliyense abwerere kumbuyo, zotsalazo aona goloboyi. Ntchito ya timu yonse inagwera ine.

Bondo ndinavulala m'nyengo yamvula. Ndinatuluka kukagwira mpira wa kona, wosewera wa timu inayo n'kundigwera ndi thupi lonse pa mwendo wakumanzere. Kuchipatala anati mtsempha wang'ambika, pakufunika opaleshoni ndi kupuma miyezi ingapo. Mawa lake wapampando wa timu anabwera yekha kuchipinda chimene ndimakhala m'nyumba yosanja, kukwera masitepe onse aja ndi mimba yake ija, n'kukhala pabedi panga akupuma mwawefuwefu. Ananditchula mwana wake. Anati goloboyi wachiwiri manja ake ndi a sopo, choncho ndipirire mpaka ligi ithe, ndipo timu ikapulumuka adzanditengera yekha kwa madokotala abwino. Ndinavomera, chifukwa timuyi ndinkaikonda.

Kuyambira pamenepo, masewero aliwonse asanayambe, a Kachikwama, amene amatithandiza tikavulala, ankanditengera kuseri kwa mabafa n'kundibaya jakisoni pabondo. Mwendo unkachita dzanzi, ine n'kulowa m'bwalo ngati wabwinobwino. Mankhwala akatha mphamvu, masitepe a kunyumba ndinkawakwera chokhala, kudzikoka ndi manja, aneba akuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Koma m'bwalo sindinagonepo ngakhale kamodzi. Mukukumbuka zimene abambo ankanena tili ana, akutiponyera mpira kuseri kwa nyumba, zoti goloboyi wogona pansi asanavulale ndi wakuba, amabera anthu amene alipira pachipata. Mawu amenewo ndinawasunga.

Panali tsiku limodzi lokoma. Tinkasewera ndi timu imene inkatsogolera ligi, ife tili patsogolo ndi chigoli chimodzi, ndipo kumapeto refa anawapatsa penate. Ndinaigwira, ndikudumphira mbali ya mwendo wodwala womwewo. Masapota anandinyamula pamapewa mpaka kubasi, wapampando akuuza aliyense kuti ine ndi magazi a timu. Anthu anayambanso kukhulupirira kuti tipulumuka, ndipo inenso ndinakhulupirira.

Tinafika tsiku lomaliza tili matimu awiri pansi, ife ndi timu ina ya jezi zobiriwira, ndipo imodzi inkayenera kutuluka. Iwo ankasewera pa bwalo lawo, ife pa lathu. Nkhani inali yosavuta. Iwo akalephera kupambana, kwa ife kufanana mphamvu kunali kokwanira, koma iwo akapambana, ifenso tinkayenera kupambana. Pa tsiku lotere masewero onse amayamba nthawi imodzi kuti wina asadziwiretu za mnzake.

Chakumapeto tinali chimodzi kwa chimodzi, ndipo amene tinkasewera nawo anali atapunguka, wina atapatsidwa kadi yofiira. Tinali titawapanikiza, achimwene, chigoli chinkachita kununkhira. Nthawi yeniyeni inali itakwana, tikusewera yowonjezera. Mlembi wa timu, amene anali pabenchi foni ili kukhutu, anamva kuti kwa obiriwira sanagoletsane. Foni inaduka, iye n'kuyang'ana wotchi yake, n'kulumpha kuti kumeneko kwatha, tapulumuka. Sankadziwa kuti kumeneko chigawo chachiwiri chinayamba mochedwa, ati ukonde unang'ambika pa nthawi yopuma ndiye ankausoka. Ukondewo unadziwa kusankha tsiku long'ambikira.

A Chipewa anabweza anyamata onse kumbuyo, n'kutuma a Kachikwama kuzungulira kuseri kwa golo langa kudzandiuza kuti ndikagwira mpira ndigone, ndidye nthawi. Ndinapukusa mutu. Anabweranso kachiwiri, akuti ndi lamulo la kochi, komanso wapampando akuti ndikumbukire opaleshoni yanga. Mpira utabwera ndinaugwira, n'kugona thapsa nditagwira bondo. Bwalo lonse linaimba dzina langa. A Kachikwama anathamangira pamenepo akuseka, n'kumathira madzi pa mwendo wabwinowo. Pamene refa anandiuza kuti ndidzuke, jakisoni anali atatha mphamvu, bondo litauma gwa. Ndinadzuka nditaluma mano, anthu n'kumaomba m'manja kuti sewero ndimalitha.

Refa anaimba wenzulo, ife n'kuyamba kuvina. Anyamata anavula majezi n'kuponyera masapota. Kenaka phokoso linayamba kuzima kuchokera mbali imodzi ya bwalo, anthu atayang'ana m'mafoni, mpaka ponseponse panangoti zii. Masewero a obiriwira anali akadali mkati, ndipo obiriwirawo anali atagoletsa. Nthawi imene tikanapezera chigoli chathu ndinali nditaidya ine, nditagona pa udzu.

Kutacha, chithunzi changa chinali m'foni ya aliyense. Za mlembi ndi wotchi yake palibe akunena. Za Mphezi amene anagulitsidwa ligi ili pakati palibe akukumbuka. A Chipewa anauza atolankhani kuti iwo sanatume munthu kukagona, timu yawo inkafuna chigoli. Dzina la Loko lija linafera pomwepo, panopa ndine Matiresi. Ndikamadutsa pasiteji ndikutsimphina, oyendetsa njinga zamoto amakuwa kuti Matiresi wongoka, ligi inatha kale. Mayi wa pagolosale, amene kale ankandisungira mpando kuti tikambe za mpira, tsopano amandipatsa katundu akuyang'ana munthu wa kumbuyo kwanga.

Ndinapita ku ofesi ya timu kukafunsa za bondo. Wapampando anandisiya pabenchi panja mpaka dzuwa linapendeka, kenaka n'kundiuza ali pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, kuti pangano lathu linali loti timu ipulumuke. Anawonjezera kuti anthu onse anaona okha kuti bondo langa limapweteka pamene ine ndafuna. Ndinati afunse a Kachikwama. A Kachikwama akuti za jakisoni sakuzikumbuka, iwo ankangonyamula madzi ndi bandeji. Anthu awa anandidyera masuku pamutu, achimwene, ndipo mtima ukundiwawa kuposa mwendo. Miyezi yonse ija ndinkabisa ululu weniweni anthu akundichemerera, lero ndikuuonetsa poyera ndipo palibe akundikhulupirira.

Kuchipatala ndinabwererako ndekha. Dokotala anagwira bondolo, n'kundifunsa kuti ndani anandilola kusewerera mwendo wotere. Akuti pamene panang'ambika pang'ono paja tsopano pawonongekeratu, ndipo akandikonza ndidzayenda bwino, koma za pagolo ndiiwale. Chipinda chimene ndikukhalachi n'cha timu, ndipo andiuza kuti mwezi ukatha ndipereke makiyi. Choncho ndikubwera kwathu Loweruka lomaliza la mwezi uno. Aneba anga avomera kunditsitsira chikwama ndi kundikweza basi.

Pempho langa ndi limodzi. Abambo ndikuwadziwa, akamva kuti ndikubwera adzalawirira kumsika n'kubwerako ine nditagona. Muwanyengerere kuti tsiku limenelo ndiwapeze pakhomo. Sindikupempha kuti anene kuti ndinachita bwino, chifukwa kugona ndinagonadi, ndipo mawu awo ndinkawamva m'khutu pamene ndinkagonapo. Ndikungofuna kuti ndikafika ndipinde buluku, iwo agwire bondoli ndi dzanja lawo, amve mmene latupira ndi mmene likutenthera. Tawuni yonse ino ikhoza kumanditchula wabodza mpaka kalekale, ndizolowera. Koma munthu amene anandiphunzitsa kugwira mpira adziwe kuti mwana wake anaima ndi mwendo umenewu pafupifupi theka la ligi.

Mwana wanu wamkulu anandipempha magolovesi anga. Ndibwera nawo, koma zomupatsa kapena zowabisa mudzaona ndinu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asade nkhawa, ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali ndi kwa amalume. Abambo okha musawapatse moni wanga, ndidzawapatsa ndekha akadzandiyang'ana.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Goloboyi wa kuseri kwa nyumba uja