Mbendera Yanu Sitipereka, Bambo Biswick Malunga

Lero zakwana zaka zisanu, bambo, chichokereni pakati pathu. Pachithunzipa mwaima m'mbali mwa bwalo la mpira ku Tottenham, mbendera ili m'manja, yoloza pansi. Tachita kusankha dala chimenechi.

Timakumbukira mmene munkatiphunzitsira pabalaza mutagwira kansalu kopukutira mbale. Kukweza m'mwamba ndiye kuti wina ali ofusayidi. Kenako kuloza chapansi ngati ali pafupi nanu, chapamwamba ngati ali tsidya linalo. Kugwira ndi manja awiri pamwamba pa mutu ndiye kuti wina akulowa m'malo mwa mnzake. Amayi ankaseka mpaka misozi, ati bambo wamkulu kuvinira nsalu yambale. Inu munkangoti dzanja lisamatsogole, maso ayambe aona.

M'mipikisano ya Lamlungu kuno kudziko la eni, timu iliyonse imapereka munthu wake woti athandize woyimbira mpira, ndipo aliyense amadziwa chimene amamutumira: adani akayandikira golo, mbendera izikwera yokha. Timu ya Amalawi anzanu inapereka inu. Pa fainolo ya chikho ija, kutatsala mphindi ziwiri kuti mpira uthe, timu inayo inagoletsa. Wogoletsayo sanali ofusayidi, ndipo inu munaona. Mbendera munaisiya yoloza pansi n'kuthamangira chapakati pa bwalo, kuuza woyimbira kuti chigoli chilibe vuto. Chikho chinapita.

Wapampando wa timu, a Overton, anakutchani kapirikoni, wogulitsa anzake, ife ana anu tikumva. Anakuchotsani pagulu la pafoni tsiku lomwelo. Kutchalitchi, azibambo ndevu pepeya anakusiyirani benchi yonse ngati muli ndi mphere, chifukwa cha kachikho koti ngakhale tiyi sungamweremo. Munadwala miyezi isanu ndi itatu ku Lewisham, kongokwera basi imodzi yokha, koma palibe anapondako. Pamaliro anabwera awiri, ndipo anachoka mbale zitangotha.

Tsopano mverani izi, bambo, museke. Anthu omwewo ayambitsa mpikisano, akufuna autche dzina lanu. Azindikira kuti chilungamo chimaoneka bwino pachikwangwani, makamaka mwiniwake akakhala kuti sangayankhe. Mwezi watha a Overton anafika pakhomo atavala suti, misozi yochita kufinya, kudzapempha mbendera yanu kuti akaipachike muholo ku Wembley. Munthu wosadziwa ngakhale dzanja logwirira mbendera. Tinanyansidwa nawo, ndipo mpaka pano tikunyansidwa nawo.

Amayi anawamvetsera mpaka anamaliza. Analowa kuchipinda, n'kutuluka nayo mbendera ija, a Overton n'kuyamba kale kutambasula manja. Amayi anaima njo, anaikweza m'mwamba monga munkachitira pabalaza paja, kenako anailozetsa kuchitseko. Wapampando wa timu ya mpira sanachimve chizindikirocho. Mwana wanu Junior anachita kuwatsegulira chitsekocho.

Mbendera yabwerera pamalo ake, pamwamba pa nsapato zanu. Mkazi wanu Eliza amakusowani tsiku lililonse. Ife ana anu, Taonga ndi Junior, Lamlungu limatitalikira. Mdzukulu wanu Stephanie wayamba maphunziro oyimbira mpira, ndipo akadzamaliza ndiye adzaigwire.

Sitidzakuiwalani, bambo. Iwonso sitidzawaiwala.