Mlendo wa M'thumba la Jekete

Lolemba, 7 Okutobala

Mvula kuyambira m'mawa. Alendo 9 pa ulendo wa 11 koloko, 14 pa wa 2 koloko. Njira yomweyomweyo: chipilala chapakati pa tawuni, kutsika msewu wa Grey, tchalitchi chachikulu, Chipata Chakuda, linga, masitepe aja mpaka kumtsinje wa Tyne. Ola limodzi ndi theka. Ine patsogolo ndi ambulera yachikasu ya kampani, iwo pambuyo ngati anapiye. Chaka ndi miyezi iwiri ndikuzungulira Newcastle wakale, kawiri pa tsiku. Nthabwala zomwezo, ndipo amaseka pamalo omwewo.

Achimwene a Lyton aimba ndili m'metro, sitima ya m'tawuni muno. Adadi awatulutsa m'chipatala. Osati kuti achira ayi. Adokotala ati khansa ya kummero ija yafika poti angokakhala kunyumba. Chikudutsa ndi phala lamadzimadzi basi. Achimwene sananene kuti bwera. Angoti, "Tamara, ndangoti udziwe."

Imelo ya viza: palibe. Sabata ya nambala 9.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndamuimbiranso loya wanga wa za viza uja. Yankho lomwe lija, kungosintha kamvekedwe. Viza yakale inatha mwezi watha. Pempho la yatsopano ndinapereka isanathe, ndiye ndili ndi ufulu wokhala kuno ndi kugwira ntchito mpaka ayankhe. Koma ndikangotuluka m'dziko muno, ngakhale tsiku limodzi, pempholo lafa. Ntchito imene akundisungira kunyumba yosungira zinthu zakale yapita. Zaka zinayi zonsezi zapita. Talemba kalata yopempha kuti afulumizeko chifukwa cha matendawa. Iye akuti, "Akhoza kuyankha mawa, akhozanso kuyankha Khirisimasi itadutsa."

Pasipoti ili m'dirowa pansi pa masokosi. Palibe wandilanda. Bwalo la ndege lili kumapeto kwa njanji yomwe ndimakwera tsiku ndi tsiku. Chikundiwawa n'chimenecho, kuti palibe wandikhomera chitseko.

Loweruka, 12 Okutobala

Fiona, mwini kampani, anatsatira ulendo wa m'mawa kuti aone mmene ndikugwirira ntchito. Kakope m'manja. Pomaliza anayamikira mawu, anayamikira mbiri. Kenako funso: bwanji m'tchalitchi muja ndimayenda mokhotakhota ngati ndaledzera, ndipo bwanji sindiloza zimene ndikufotokoza?

Ndimuuza chiyani? Pansi pa tchalitchi chija ndi miyala ya manda yokhayokha. Mayina, zaka, akazi awo, ana awo, zonse zolembedwa poponda pomwe. Ine phazi limakana. Ndimazemba, ndimalumpha, ndimadutsira m'mbali mwa khoma, alendo n'kumanditsatira choncho. Kuloza manda ndi chala ndiye ayi ndithu. Ndimaloza ndi ambulera, kapena ndi chibwano. Tili ana ku Ntcheu ankatiuza kuti chala chimapindika. Madigiri awiri a mbiri yakale, koma chala changa chikadali cha ku Ntcheu.

Fiona anaseka, osati moipa. "Anthuwa anamwalira zaka 300 zapitazo, sakumva kanthu. Ukutaya mphindi zisanu." Ndinavomera. Masana ndinazembanso.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndalankhula ndi adadi. Nkhope yatha, kwatsala maso ndi magalasi. Koma ukali uli pomwepo. Zaka 31 akuphunzitsa mbiri kusekondale, mawu a m'kalasi sachoka.

Ndinangoyamba kuti ndikuganiza zobwera, anandidula. "Ukubwera ndi mankhwala? Ndiwe dokotala? Khala pomwepo mpaka akuyankhe. Ukatulukira pano wopanda pepala sindikulankhulitsa." Ndinalira. Anandisiya ndilire, ngati mmene ankachitira ndi ana a Folomu 1.

Kenako anasintha nkhani. "Anthu osawadziwa ukuwaonetsa tawuni tsiku ndi tsiku. Ine mphunzitsi wako woyamba, ayi." Tagwirizana: Lachinayi, ulendo wa 2 koloko, kumudzi 3 koloko. Foni m'thumba lapachifuwa la jekete, kamera itasuzumira kunja, kachomvera kamodzi m'khutu. Achimwene akwera njinga kukatchajitsa foni pa tredingi. Fiona sindimuuza.

Imelo: ya golosale, ya gasi. Basi.

Lachinayi, 17 Okutobala

Alendo 12 pa mndandanda, wa nambala 13 m'thumba.

Sindinathe ndi mphindi zitatu zomwe, m'khutu muja: "Ukuthamanga. Wam'mbuyo uyo sakumva." Ndinachepetsa. Pa msewu wa Grey: "Afunse funso, usamangowathira ngati ukudzaza mgolo." Ndinafunsa funso. Bambo wina wa ku Canada anayankha molakwika, adadi n'kuti, "Muyamikire kaye, ukonze pambuyo." Zaka zonsezi ndimayesa ntchitoyi ndinaiphunzira kwa Fiona.

Tinalowa m'tchalitchi. Kenako adadi, motsitsa mawu: "Amenewo ndi manda? M'nyumba yopemphereramo? Nanga awo akupondapo ndi nsapato?" Mayi wina anali ataima pa dzina la munthu akusenda nthochi. M'khutu muja: "Iwe usaponde." Ndinaphulika kuseka pakati pa chiganizo chonena za mliri. Alendo anaseka nawo poganiza kuti pali nthabwala imene yawadutsa.

Pa Chipata Chakuda adadi anafunsa kuti miyala yonseyi anaisenza ndani, poti mabuku amangotchula mafumu. Funsolo ndinawaponyera alendo ngati langa. Inenso sindikudziwa.

Pomwepo chifuwa chinawayamba adadi. Chachitali, chosalekeza, m'khutu mwanga momwe, ine ndikumwetulira n'kumafotokoza za zitseko zachitsulo. Achimwene anati atopa. Adadi anabwereranso pang'ono: "Tilekeze pano. Zotsalazo Lachinayi likubwerali. Mtsinjewo ndikufuna ndiuone." Foni inaduka.

Masitepe ndinatsika osawaona. Wa ku Canada uja anati sanaonepo wotsogolera alendo wokonda ntchito yake chonchi, mpaka misozi.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi kwathu ku Byker, kuno ku Newcastle. Nkhani yafika kale, sindikudziwa yadzera kuti. Pa tiyi aliyense ndi loya. Ena akuti pita, bambo ndi mmodzi. Ena akuti usayerekeze, ukalira kawiri. Onse akunena motsimikiza, kenako akukatenga bisiketi ina.

A Edwina okha, anamwino aja, sanandilangize. Anandigwira dzanja pakhomo n'kunena kuti, "Ine amayi anga ndinawaika m'manda kudzera pa foni, ndili m'chipinda chosinthira zovala kuntchito." Sindikudziwa ngati amati ndipite kapena ndikhale.

Madzulo ndinatsegula tsamba la ndege. Newcastle, London, Addis, Lilongwe. Ndinalemba dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti. Ndinatseka.

Ndatopa ndi kukhala mwana womvera.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndinaimba 2 koloko isanakwane. Achimwene anati chiyambire dzulo adadi sakulankhula, maso akungotsegula mwa apo ndi apo. Anati mwina tisiye. Ndinati ayi, pangano ndi pangano, ingoikani foni pa pilo.

Alendo 7 okha, mphepo yoluma. Tchalitchi ndinachidutsa mothamanga, Fiona akanakondwa. Pa Chipata Chakuda ndinayamba kulankhula pang'onopang'ono, mokweza. Ndinafunsa mafunso. Ndinayamikira oyankha molakwika. Masitepe ndinawawerenga mokweza limodzi limodzi, alendo n'kumawerenga nawo ngati ana a sukulu.

Kumtsinje ndinatembenuza chifuwa kuloza kumadzi n'kuima choncho. Ndinanena zimene sizili m'buku la kampani: kuti madziwo ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, kuti milatho yandandalikana wina pambuyo pa unzake, kuti palibe ndi mmodzi yemwe wochapa kapena kutunga. M'khutu munalibe wondikonza. Kupuma kokha, ndi mbuzi ikulira chapatali kuseri kwa nyumba yathu.

Achimwene akuti pamene ndimanena za milatho adadi anatsegula maso. Mwina n'zoona. Achimwene ndi munthu wachifundo.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndinadzuka ndi mtima umodzi. Kachikwama, pasipoti, chitenje chakuda. Ndinamulembera Fiona kuti wa 11 koloko apeze wina. M'metro sindinatsike pa chipilala. Ndinangokhala mpaka kumapeto kwa njanji.

Bwalo la ndege ndinalowa ndithu. Ndinakhala pa benchi moyang'anizana ndi pogulitsira matikiti, ola lathunthu ndi mphindi 20. Anthu akudutsa ndi masutikesi, ena atavala kale akabudula a kunyanja. Ndimati ndikaimirira, mawu aja: ukatulukira pano wopanda pepala. Ndimati ndikakhala, kupuma kuja kwa pa pilo. Munthu sakulankhulanso, koma akundiletsabe. Ndipo ndawakwiyira. Ndalemba, ndawakwiyira adadi anga ali pa mphasa. Anandichotsera chosankha kuti ndisadzadziimbe mlandu, koma mlanduwo ndikudziimbabe.

Kapena sindikuwamvera iwo ayi. Kapena ndikungoopa kubwerera ku Ntcheu chimanjamanja, ndiye ndabisala kumbuyo kwa mawu awo. Izi sindingauze munthu.

2 koloko inandipeza pa chipilala, ambulera m'mwamba, kachikwama kumsana. Alendo 16. Mtsikana wina anafunsa ngati ndimaukonda mzinda uno. Ndinati kwambiri.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Adadi apita. 5 koloko m'mawa ya kumudzi. Achimwene anali pomwepo, amayi anali pomwepo.

Uthenga wachiwiri wabwera ndikuvala nsapato. Amalume a Zakeyo akufunsa: thupi alipititse kumochale kuboma kuti lisungidwe mpaka ndifike, kapena auze adzukulu ayambe kukumba? Akuti mwana wamkazi ndine ndekha, sangachite kanthu osamva kwa ine. Akufuna yankho isanakwane 12 koloko yawo, galimoto ikudikira pamsewu.

Imelo ndatsegula kasanu. Palibe. Loya akuti pepani kwambiri, lamulo silisintha chifukwa cha maliro. Ndamufunsa kuti masiku angati, ngakhale mongoyerekeza. Akuti sangandinamize.

Fiona wati ndisabwere sabata yonse. Ndabwerabe, m'chipinda muja makoma amandiyang'ana. Ndakhala pa masitepe a chipilala, kope pa bondo. Gulu la 11 koloko silinayambe kufika. Kumudzi kwatsala mphindi 10.

Mpaka ndifike. Liti? Amayi akhale pa siwa mpaka Khirisimasi? Adadi agone m'firiji kuboma, okha, chifukwa cha imelo?

Ndalemba, ndafufuta. Ndalemba zambiri zofotokoza, ndafufutanso. Zatsala izi:

"Achimwene, musandidikire. Awaike mawa."

Ndatumiza. Timizere tiwiri ta pa uthengawo tasanduka tabuluu.