Tebulo la Alamu Latupa M'mphepete

Lachinayi madzulo. Tsiku lonse mtima uli m'mwamba.

Mawa mapemphero a mphakati achitikira kwathu kuno ku Chilomoni. Alamu anga, eni tebulo la fomika lomwe anatisungitsa posamuka, abweranso. Dzulo ndinalikwecha ngati poto, ndi sitiliwulu, madzi ndowa yathunthu. Lero ndapeza m'mphepete mwatupa, pamwamba payamba kumatuka.

Amake Dalitso a nyumba yoyandikana ataliona anagwira pakamwa. "Inu, zimenezi mkati ndi utuchi wokhawokha, sizifuna nkhondo! Kansalu konyowa pang'ono, kadontho ka sopo, mupukute ngati nkhope ya khanda, n'kuumitsa pompo." Ndayesa pa kabati ndili chikhalire pampando, ndipo yawala popanda ndi thukuta lomwe.

Koma tebulo lija silibwereranso mwakale. Ndayalapo nsalu yoluka n'kuikapo maluwa. Bambo a kunyumba akuti ndingokhala chete. Kodi achemwali awo sawadziwa? Munthu woti akalowa m'nyumba amayamba wavundukula nsalu kufufuza fumbi, moni pambuyo.

Ndiwauze ali pakhomo pomwe? Kapena ndidikire tifike kaye pa pemphero lokhululukirana, anthu onse akumva...