Masentimita 9 a ku Kuku

*gulu: LOWERUKA 🤫 (Ngosa, Goliati)*

Lachinayi

Ngosa 15:02 ba Goliati siichoka

Goliati 15:09 chani

Ngosa 15:09 Subaru. injini yalila bwino bwino, koma pa kanjila ka pakati pa wall fence na room ija munamanga yakana kupita

Ngosa 15:10 [chithunzi: motoka ya buluu, matayala a golide, mphuno yalasa pa kona ya room]

Goliati 15:14 ine ninasiya malo amene unanipasa iwe. unabwela na nthambo ati iyi ndiye size ya motoka

Ngosa 15:16 ninapima chaka chatha

Ngosa 15:16 nthawi ija inalibe ma door na ma fenda

Goliati 15:17 kkkkkkk

Goliati 15:18 zaka ziwili mu yadi ya amake Given, wamanga 300 horsepower yoyenda kuchoka pa mpope kufika pa toilet

Ngosa 15:25 [uthenga wa mawu 0:44] Ba mulamu, mvelani. Loweruka ni track day, siku yothamangisa motoka pa track, nalembesa kale. Session yomaliza amalola passenger. Towera akhala kumanzele kwanga, namugulila helemeti ya pinki. Pa straight nifika 180, akuwa, aseka, anigwila pa phewa. Tikaima fumbi ikalibe kugwa pansi, nisegula glove box, nichosa mphete. Navilota zaka ziwili ivi.

Goliati 15:31 choyamba sindine mulamu wako, sunatume ankhoswe na mbale yofunsila ukwati

Goliati 15:32 chachiwili mlongo wanga Towera anabwela ku site lelo. ati Ngosa ali na mukazi ku Kuku

Ngosa 15:32 ati chani??

Goliati 15:34 Sondo iliyonse umasowa. ndiye anakuona ukwela bus ya ku Kuku na shampoo na tawelo yofewa. iwe wa mpala

Ngosa 15:34 ni shampoo ya motoka

Goliati 15:36 ati akubwezela ma pulasitiki ako onse a mphaso. nimungenesa mu group. vakale sangavione. va mphete nikhala zii, va motoka kamba wekha

Ngosa 15:36 plz surprise izaonongeka

*Goliati walowetsa Towera*

Towera 16:50 ni group ya chani iyi

Ngosa 16:52 Towe mailo 10 hrs bwela ku Kuku, kumbuyo kwa chigayo, geti ya green. uzaona chamene nimabisa

Towera 16:53 ali na zina?

Ngosa 16:53 bwela chabe 🌹

Lachisanu

Towera 10:21 ba Goliati, namuona

Towera 10:22 ni wa buluu. ali na phiko kumatako monga pa shelefu yoyanikapo mbale

Goliati 10:24 kkkk wokongola?

Towera 10:25 tawelo yofewa ija amamufunda iye. ine pa birthday ananigulila umbrella

Ngosa 10:26 unali kulokwa na mvula Towe

Towera 10:27 khala zii, choka panja. nifuna kusecha mukati nekha, kapena muli lipstick

Ngosa 10:27 mukati mulibe vili vonse. osasegula segula vinthu

Ngosa 10:41 Towe?

Towera 10:58 napima na tepi yanga ya ku shop. motoka 180. kanjila 171. kwapelewela 9

Towera 10:59 ine nikanapima diresi ya customer na nthambo nikanaleka kale kusoka

Goliati 11:03 tichose ma line a mabuloko ku wall fence, mamita atatu. Mande nimanganso

Ngosa 11:20 amake Given akana. ati wall fence inamangiwa na malemu amuna awo, siikhuziwa

Ngosa 11:21 nichose ma fenda na ma door futi? ni masiku anayi

Ngosa 11:40 basi vasila

Towera 13:05 [uthenga wa mawu 0:37] Ba Goliati bweletsani hamala. Nakamba nawo amake Given. Mwana wawo Kafula akwatiwa mu December, madiresi a line up nisoka ndine. Nawauza ati mwenga wa mu Kuku muno sanakwelepo motoka ya matayala a golide. Avomela tigwese wall fence, Kafula azakwela Subaru pa ukwati. Koma ati ma ribbon akhale a pichi, driver avale suti, ndipo 20 pa speed, osapitilila.

Goliati 13:07 300 horsepower pa 20 kkkk nibwela

Ngosa 13:07 Towe ndiwe mungelo 😭

Towera 13:12 sinachitile iwe. nachitila amake Given, malo oyanikila vovala anasowa zaka ziwili

Towera 13:13 Sondo 100 unali kuniuza ati uli ku bola. ine nalila kangati uziba?

Ngosa 13:15 ninafuna nikuonese chinthu chimene napanga na manja anga. sinafune uone chigoba

Towera 13:16 ine nikanakonda chigoba. nikanakusokela ma seat cover

Ngosa 13:18 mailo bwela ku track plz. mupando wa kumanzele ni wako

Ngosa 16:44 [vidiyo 0:19: motoka ichoka pang'ono pang'ono pa mapulanga oyala pa ngalande, azimayi a mu yadi aimba nthungululu]

Ngosa 16:45 yachoka

Ngosa 17:30 Towe uzabwela?

Loweruka

Ngosa 07:48 tafika. ma hump 23 kuchoka ku Kuku, yonse nakwela cha m'mbali

Ngosa 07:49 Towe bus ya ku track inyamukila pa filling station

Goliati 08:30 Towera sanagone kwathu, ali kwa anti ku Lilanda. foni sayankha

Ngosa 09:06 ba Goliati. oyendela motoka ati muchose vonse vosamangilila mukati. nasegula glove box

Ngosa 09:06 kabokosi kalipo. mphete mulibe

*Ngosa wafufuta uthenga uwu*

Goliati 09:08 naona kale. na group yonse yaona

Ngosa 09:15 nachosa ma carpet, nayangana pansi pa mipando. kulibe

Goliati 09:17 ngena pa track iwe. unanigwesesa chipupa cha malemu

Ngosa 10:52 ma lap 5. pa straight 171. pa kona yachitatu napita mu udzu. motoka ili bwino, imvela monga iziba vamene niganiza

Ngosa 10:53 koma helemeti ya pinki ili chabe pa mupando

Ngosa 13:40 session ya passenger ni 14:30

Ngosa 14:05 Towe olo ukane vonse, niyankhe chabe

Towera 14:11 171 ni size ya kanjila. sungapitilileko?

Ngosa 14:11 uli kuti

Towera 14:12 pa kona yachitatu, kumbuyo kwa matayala. kuchokela 10 hrs. umachedwa kuponda brake

Towera 14:13 [chithunzi: dzanja lagwira umbrella, pa chala pali mphete, kunsi kwake kwakulungidwa ulusi wa pichi]

Ngosa 14:13 TOWE

Towera 14:14 ninali kufuna lipstick

Towera 14:14 ni yaikulu. inagwa kawili mu bus. nayo unapima na nthambo?

Ngosa 14:15 ulusi. ninakupima chala uli mu tulo mu bus ya ku Matero, ninaopa kumanga maningi ungauke

Goliati 14:16 ambuye tithandizeni

Ngosa 14:16 ndiye kuti wavomela?

Towera 14:18 sunanifunse. naivala chabe kuti isasowe

Towera 14:19 bwela na helemeti. ukapitilila 171 nizamvela funso yako. ugwade pa fumbi pamene apa, suti ni ya December

Goliati 14:20 na mbale ku nyumba Sondo. manje Sondo uli free

Towera 14:21 ndipo kuyambila lelo chilichonse cha pa nyumba pathu nipima ndine