Masamba Pamsewu wa ku Mitundu

Loweruka madzulo. Thupi lonse lalema.

Alamu anga a Jonasi, amene anakulira ku Joni, ndiwo amayendetsa galimoto popita kukaona agogo a ana ku Mitundu. Tisananyamuke ndinawafotokozera malamulo onse: lamba, laisensi, kuchepetsa liwiro pa Nathenje. Apolisi sanatipeze ndi mlandu.

Koma za masamba amene amayala pamsewu posonyeza maliro ndinaiwala. Alamu anangowaponda, wailesi ikulira, fumbi n'kukuta anamfedwa.

Anyamata anatiimitsa. "Achimwene, kwanu anthu safa?"

Ndinatsika n'kugwada kupepesa, ana akusuzumira pawindo. Alamu anavula chipewa.

Njira yobwerera ndi yomweyo. Makiyi andisiyira ine patebulo.